QGIS, ArcGIS Pro, Google Earth Pro, Earth Engine kapena R ndi Python: mutenge iti pogwira deta ya vector ndi raster?

Munthu akangoyamba za mapu funso loyamba limakhala lakuti ndiike pulogalamu iti pa laputopu, ndipo nthawi zambiri amangopatsidwa dzina limodzi basi osafunsidwa kuti kodi ntchito yomwe akufuna kugwira ndi yotani. Ine ndimaona kuti musanathamangire mapulogalamu muyambe mwayang'ana deta yomwe ili m'manja mwanu, chifukwa laputopu yomwe imatsegula malire a maboma onse 28 a m'Malawi mosavuta ikhoza kuuma gwa mukaipatsa zithunzi ziwiri zitatu za setilaiti. Nde tiyambe ndi detayo, kenako tione mapulogalamuwa mmodzimmodzi.

Vector ndi raster, kusiyana kwake kuli pati

Vector ndi deta ya zinthu zomwe zili ndi malo ake enieni kapena malire ooneka. Mjigo, sukulu, chipatala, zimenezi zimalowa ngati ma point. Msewu wa M1 kapena mtsinje wa Shire ndi ma line. Munda wa agogo, boma la Zomba, nkhalango ya Dzalanyama ndi ma polygon. Chilichonse chimakhala ndi mzere wake mu tebulo lotchedwa attribute table, ndiye mjigo umodzi ukhoza kunyamula dzina la mudzi, chaka chomwe unakumbidwa, kaya ukutulutsa madzi kaya unafa kalekale. Mafayilo ake ndi opepuka, nthawi zambiri mumatha kutumizirana pa WhatsApp. Mudzawaona ngati shapefile, GeoPackage, KML kapena GeoJSON.

Raster ndi ina. Ili ngati mphasa yoyalidwa pamwamba pa dziko, yogawidwa timabokosi tofanana tomwe timati ma pikiselo, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi nambala yake: kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja yamchere, mvula yomwe yagwa, kapena kuwala komwe setilaiti yaona. Imayenera zinthu zomwe zilibe malire, zongosintha pang'onopang'ono, monga mmene nthaka imakwerera kuchoka ku Nsanje mpaka pa Sapitwa pomwe pali mamita 3,002. Nthawi zambiri imabwera ngati GeoTIFF.

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amakhumudwira. Sentinel-2, setilaiti ya ku Europe yomwe yoyamba yake inaulutsidwa mu 2015, ili ndi pikiselo ya mamita 10 mbali zonse, kutanthauza kuti hekitala imodzi ndi ma pikiselo 100, ekala imodzi ndi pafupifupi 40. Landsat ya ku America pikiselo yake ndi mamita 30, hekitala imodzi ndi ma pikiselo 11 okha, ekala imodzi sifika ndi 5 omwe. Nde ngati mukufuna kuyeza munda wa theka la ekala wa chimanga chosakaniza ndi nandolo, Landsat sikuthandizani ngakhale mutagula pulogalamu yodula bwanji, vuto si pulogalamu koma deta. Koma ngati funso lanu ndi lakuti nkhalango ya Chikangawa yasintha bwanji pa zaka 30, Landsat ndiye mwini nkhani, chifukwa zithunzi zake zinayamba mu 1972 ndipo zakhala zaulere kuyambira 2008. Mbali inayi, dziko lonse la Malawi ndi masikweya kilomita 118,484, pa mamita 10 ndi ma pikiselo oposa biliyoni imodzi pa band imodzi yokha (band ndi mtundu umodzi wa kuwala womwe setilaiti imajambula padera), ndipo Sentinel-2 ili ndi ma band 13. Mwaona pomwe kulemera kumachokera.

Zoyang'ana posankha

Ndiyeza pulogalamu iliyonse pa zinthu zinayi. Choyamba mtengo, osati wa laisensi wokha ayi, koma kuphatikizapo bandulo ndi kompyuta yomwe ikufunika, chifukwa pulogalamu yaulere yomwe imadya ma GB tsiku lililonse si yaulere kwenikweni. Chachiwiri kupezeka kwake: imayenda pa makina otani, imagwira popanda intaneti, magetsi akazima kapena netiweki ikathawa ntchito imaima kapena ayi. Chachitatu kusamalira, ndikutanthauza ma update, mafayilo, ndi luso lomwe muyenera kumalinola. Chachinayi zoopsa, zomwe zingakutayitseni deta, ndalama kapena mbiri yanu pantchito.

Pali msampha umodzi womwe uli m'mapulogalamu onsewa, nde ndiutchule panopa kuti ndisamabwereze: CRS, ndondomeko yomwe imauza pulogalamu kuti manambala a malo, ma coordinate, akuloza pati pa dziko lapansi. Mu ndondomeko ya UTM, yomwe imagawa dziko lapansi m'zigawo nkumayeza m'mamita, Malawi yense ali mu zone 36S, Chipata ndi Tete nawonso ali momwemo, koma Lusaka ali mu 35S. GPS ya pa foni imakupatsani madigiri a CRS yotchedwa WGS 84, yomwe nambala yake mu pulogalamu ndi EPSG:4326, pomwe kuyeza mamita ndi mahekitala kumafuna EPSG:32736, yomwe ndi UTM 36S ija. Mapu akale a 1:50,000 a ku dipatimenti ya Surveys anajambulidwa pa CRS ina yotchedwa Arc 1950, ndipo mukatenga manambala a pa mapu amenewa nkuuza pulogalamu kuti ndi WGS 84, mjigo wanu ukagwera mamita mazana awiri kapena atatu kutali ndi pomwe uli, mwina m'munda wa eni. Komanso mapu a pa intaneti aja amakhala mu EPSG:3857, yomwe cha ku Lilongwe imakulitsa malo ndi pafupifupi 6 peresenti mukayeza mosasamala. Palibe pulogalamu yomwe ingakuganizireni zimenezi.

QGIS

Mtengo: yaulere zenizeni, palibe trial, palibe zina zomwe anatsekera kuti mulipire kaye. Anaiyamba Gary Sherman mu 2002 ikutchedwa Quantum GIS, ndipo laisensi yake ya GPL imakulolani kuigwiritsa ntchito ngakhale pa ntchito yolipidwa, kuiika pa makompyuta 40 a mu labu, kapena kumukopera mnzanu pa fulashi. Chomwe mumalipira ndi bandulo yotsitsira installer, yomwe ma version ena imadutsa 1 GB, ndiye munthu mmodzi atsitse ena akopere. Ndalama ina ndi ya deta ya raster: tile imodzi ya Sentinel-2, yomwe imakuta malo a makilomita pafupifupi 100 mbali zonse, imatha kufika 1 GB, ndipo dera lanu likagwera pamalire a ma tile awiri ndiye kawiri.

Kupezeka: Windows, macOS, Linux, konse imayenda. Mukangoiika sifunanso intaneti pokhapokha mukufuna basemap (mapu a pa intaneti oyala pansi pa deta yanu) kapena plugin (kachida koonjezera). Pa vector laputopu ya 4 GB RAM imakoka ndithu, pa raster ndi bwino 8 GB kupita m'mwamba, ndipo SSD imasintha zinthu kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Imatsegula pafupifupi mtundu uliwonse wa fayilo chifukwa pansi pake pali GDAL, chida chowerengera mafayilo a mapu, ngakhale ma layer a mu file geodatabase ya Esri, eni ake a ArcGIS, imawawerenga. Zida za raster zonse zili momo: raster calculator yopangira NDVI (muyezo wa kubiriwira kwa zomera), slope ndi hillshade kuchokera pa SRTM (deta ya kutalika kwa malo) ya mamita 30, zonal statistics yomwe imakuuzani mwachitsanzo mvula ya pa boma lililonse kuchokera ku deta ya mvula ya CHIRPS, ndi zida za GRASS zopezera komwe madzi amatsetserekera. Plugin ya QuickOSM imakukokerani misewu ndi nyumba za OpenStreetMap, malire a maboma ndi ma T/A mumawapeza pa mawebusaiti a deta a HDX kapena MASDAP. Ndipo ngati mumapita kumudzi kukatolera deta, QField ya pa foni imanyamula pulojekiti yanu yonse nkumagwira popanda netiweki, mukabwera mumangobweza pa laputopu.

Kusamalira: version yatsopano imatuluka miyezi inayi iliyonse, koma musamathamangire zimenezo, ikani ya LTR, version yokhalitsa, yomwe imasintha kamodzi pachaka ndipo ndi yokhazikika. Pulojekiti ya QGIS simasunga deta mkati mwake, imangoloza komwe mafayilo ali, nde mukasuntha foda kapena kusintha dzina mudzatsegula nkupeza ma layer onse akusowa. Sungani zonse mu foda imodzi. Ndipo chonde siyani kusunga ntchito yanu mu shapefile ngati palibe wakukakamizani. Shapefile ndi ya m'zaka za m'ma 1990, si fayilo imodzi koma gulu, .shp, .shx, .dbf ndi .prj, mnzanu akakutumizirani .shp yokha palibe chomwe mutsegule. Mayina a ma column sadutsa zilembo 10, ndiye chaka_chokumba imaduka nkukhala chaka_chok, ndipo fayilo sidutsa 2 GB. GeoPackage ndi fayilo imodzi, imanyamula ma layer ambiri, ilibe mavuto amenewa.

Zoopsa: ma plugin amalembedwa ndi anthu osiyanasiyana, ena amawasiya osawakonzanso, ndiye ntchito yanu ikadalira plugin imodzi tsiku lina ikhoza kukana mutapanga update. Palibe ofesi yoimbira foni zikavuta pokhapokha mutalipira kampani yothandiza, mumadalira mabuku ake a pa intaneti ndi anzanu. Ma temporary layer amafufutika mukatseka pulogalamu, magetsi akazima batire ili yakufa ntchito ya tsiku lonse yapita. Ndipo raster ikakula kwambiri, monga dziko lonse kwa zaka zingapo, laputopu wamba imatentha nkuima, apa QGIS yafika polekezera.

ArcGIS Pro

Mtengo: apa ndi pomwe pali nkhani. Ndi ya kampani ya Esri ya ku Redlands, California, yomwe Jack ndi Laura Dangermond anaiyambitsa mu 1969, ndipo imalipiridwa. Laisensi ili m'magawo atatu, Basic, Standard ndi Advanced, koma chomwe ambiri sadziwa ndi chakuti zida zambiri zosanthulira raster, za slope, za madzi, raster calculator, zili mu extension ina yotchedwa Spatial Analyst. Nde mukhoza kukhala ndi laisensi nkupeza chida chomwe mumachifuna kwambiri chili chokiya. Pali laisensi yophunzirira pawekha ya madola 100 pachaka yomwe ili ndi zambiri, koma siloledwa pa ntchito yolipidwa. Mabungwe osapanga phindu ndi ma yunivesite amakhala ndi mitengo yawo yotsika. Kwa ife vuto lina ndi lakuti mitengoyi imatsatira dola, ndipo aliyense akukumbuka Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, bajeti yomwe munapanga chaka chatha chaka chino sikwana.

Kupezeka: Windows ya 64-bit basi. Wa Mac kapena Linux ayenera kuyendetsa Windows mkati mwake. Imafuna makina amphamvu, 8 GB RAM ndi poyambira chabe, ndipo popanda graphics card yabwino imayenda mokoka miyendo. Laisensi zambiri masiku ano ndi zolowa ndi akaunti, ndiye imafuna intaneti kuti ikuzindikireni, ngakhale pali njira yoitengera offline musanapite kumudzi, bola mukumbuke musananyamuke. Ubwino wake ndiunene mosabisa: kukonza mapu osindikiza, kulemba ma label mwaudongo, topology yoonetsetsa kuti minda yoyandikana sikulowerana, 3D, ndi kugawana mapu ndi anthu ambiri kudzera pa ArcGIS Online, zonsezi zinalumikizidwa bwino ndipo mabuku ake ndi ofotokoza mokwanira. Komanso m'malonda ambiri a ntchito za GIS, za mapu a pa kompyutazi, dzina lake limatchulidwa.

Kusamalira: laisensi yowonjezera chaka ndi chaka, munthu woyang'anira maakaunti, ndi ma credits a ArcGIS Online omwe amatha mukamasunga deta yambiri kapena kusanthula pa intaneti. Ngati munaphunzira ArcMap, pulogalamu yakale ya Esri, ku koleji dziwani kuti nthawi yake yatha, Esri inaika Malichi 2026 ngati mapeto ake, ndipo Pro yomwe inatuluka mu 2015 maonekedwe ake ndi ena, muyenera kuphunziranso.

Zoopsa: chachikulu ndi kutsekeredwa. Pulojekiti ya donor ikatha laisensi nayo imatha, ndipo mafayilo a .aprx kapena .mxd QGIS siwatsegula mwachindunji, deta mumaipulumutsa koma mitundu, ma label ndi ma layout muyambirenso. Ofesi iliyonse yomwe ikugwiritsa ntchito laisensi ya pulojekiti izisunga kope ya deta mu GeoPackage ndi GeoTIFF. Choopsa chachiwiri ndi ma crack, makope obedwa a pulogalamuyi, omwe amayenda pa ma fulashi. Ndikukupemphani musaike. Kupatula kuti ndi kuphwanya lamulo, mumazimitsa antivirus kuti ilowe, pa kompyuta yomweyo yomwe muli mayina ndi malo a mabanja omwe munawafunsa mafunso, ndipo simudziwa kuti mwalowetsa chiyani china. Pomwe pali QGIS yaulere palibe chifukwa choikira ntchito yanu pangozi chonchi.

Google Earth Pro

Mtengo: ya pa kompyuta yakhala yaulere kuyambira 2015, kale inkalipiridwa. Installer ndi yaing'ono. Bandulo imapita pa zithunzi zomwe zimatsika mukamayendayenda pa mapu, mukamachita zoom kwambiri imapitanso kwambiri.

Kupezeka: Windows, Mac, Linux, ndipo laputopu yakale imakwanitsa. Munthu yemwe sanaphunzirepo GIS amaizolowera tsiku lomwelo. Zithunzi zake m'malo ambiri ndi zakuthwa moti mumaona denga la nyumba, mtengo wa mango, kanjira kopita kudimba, zomwe Sentinel-2 singakuonetseni. Mumajambula point, line kapena polygon, kuyeza mahekitala kapena maekala, nkusunga ngati KML kapena KMZ. Imatsegulanso shapefile, GPX ndi GeoTIFF. Chida cha historical imagery ndimachikonda kwambiri, mumabwerera m'mbuyo nkuona mmene nyumba zakwerera m'phiri la Soche kapena Ndirande chaka ndi chaka, ndipo pamsonkhano ndi mafumu chithunzi chotere chimamveka msanga kuposa tebulo la manambala. Cache yake imasunga mpaka 2 GB, ndiye mukayendera dera lanu muli pa intaneti mukhoza kulionanso kumudzi popanda netiweki.

Kusamalira: pafupifupi palibe, kupatula chimodzi. Zonse zomwe mwajambula mu My Places zimakhala mu fayilo imodzi yobisika pa kompyuta, mukapanga format zapita. Muzisunga KMZ padera nthawi zonse.

Zoopsa: iyi ndi yoonera, si yosanthulira. Chithunzi chomwe mukuonacho si raster yoti mungawerengere, mulibe band ya near infrared, NDVI simungapange, ndipo mukachisunga chimatuluka ngati chithunzi wamba chopanda ma coordinate. Zithunzizo ndi zosokerera, mbali ina ya mudzi ikhoza kukhala ya chaka china, mbali ina chaka chinanso, nde muziyang'ana deti pansi pa sikirini. Zimathanso kusuntha ndi mamita angapo, choncho musatengere pamenepa nkhani ya malire a munda yomwe anthu akukangana, imeneyo ndi ya saveya wovomerezeka. Zithunzizo zili ndi eni ake, ndipo kukopera misewu kapena nyumba kuchokera pa Google nkukaika mu OpenStreetMap ndi koletsedwa.

Google Earth Engine

Dzina likufanana ndi ya pamwambayi koma ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Mtengo: yaulere pa kafukufuku, maphunziro ndi ntchito zosapanga phindu, koma kuyambira 2022 ntchito zamalonda zimalipiridwa kudzera ku Google Cloud. Nde ngati ndinu consultant wolipidwa werengani malamulo ake bwinobwino musanalembetse. Chodabwitsa ndi chakuti pa raster yaikulu iyi ndi yomwe imapulumutsa bandulo, chifukwa zithunzi simutsitsa, kuwerengera konse kumachitikira pa makompyuta a Google, kwa inu kumangobwera mapu ooneka pa sikirini ndi zotsatira zomwe mwapempha.

Kupezeka: imayenda mu browser, ndiye laputopu yofooka si vuto. Mumafuna akaunti ya Google ndi kulembetsa Cloud project. Mkati muli kale Landsat yonse, Sentinel-1 ndi Sentinel-2, MODIS, SRTM, mvula ya CHIRPS kuyambira 1981, anthu a WorldPop pa mamita 100, ndi mapu a kutha kwa nkhalango a University of Maryland. Taganizani funso ngati ili: nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, madzi ake akhala akukula ndi kuchepa bwanji chaka chilichonse? Pa QGIS mukanatsitsa zithunzi mazanamazana, pano mumangolemba script, malangizo a kompyuta a mizere makumi angapo. Chinanso, nthawi ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imaphimba zithunzi zambiri, nthawi yomweyo yomwe mbewu zili m'munda ndipo madzi akusefukira. Earth Engine imakulolani kusefa mitambo nkuphatikiza zithunzi zambiri kukhala chimodzi choyera, kapena kugwiritsa ntchito Sentinel-1 yomwe ndi radar ndipo imaona kudutsa mitambo. Pa zinthu ngati namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, kapena madzi a mu Januwale 2015 ku Nsanje ndi Chikwawa, radar ndi yomwe imaonetsa pomwe madzi afika kumwamba kudakali kotseka.

Kusamalira: palibe choika, palibe update. Koma muyenera kulemba code, JavaScript kapena Python, ndipo kaganizidwe kake kamatenga nthawi kuti kalowe m'mutu. Ma dataset akale amachotsedwa nkubwera atsopano, monga mmene Landsat Collection 1 inalowedwera m'malo ndi Collection 2, ndiye script ya chaka chatha ikhoza kukana lero. Zotsatira zimapita ku Google Drive komwe malo aulere ndi 15 GB, ma GeoTIFF amadzadza msanga.

Zoopsa: netiweki ikathawa ntchito yaima, palibe njira ina. Malamulo a ndani alipire ndani asalipire ali m'manja mwa kampani imodzi ndipo amasintha. Pa vector ndi yofooka, kukonza malire kapena kupanga mapu osindikiza muchitire kwina. Musakweze ma point a nyumba za anthu okhala ndi mayina kapena za umoyo wawo musanaganize za chilolezo, Malawi ali ndi lamulo loteteza deta la 2024. Koma choopsa chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: nkosavuta kukopera script ya wina yopangidwira dziko lina, kusintha dzina la dera, nkutulutsa mapu okongola onena kuti apa ndi nkhalango apa ndi munda, osapitako kukaona. Minda yathu ndi ing'onoing'ono, yosakaniza mbewu, ili ndi mitengo mkati, ndipo miombo imayoyola masamba m'chilimwe moti kompyuta ikhoza kuiwerenga ngati malo odulidwa. Popanda ma point otoleredwa pamalopo oyesera zotsatira, mapu amenewo asapite kwa opanga ziganizo.

R ndi Python

Izi ndi zilankhulo zolembera code, ndipo ndidutsapo mwachangu chifukwa si poyambira.

Mtengo: zaulere. Mtengo wake ndi miyezi yophunzira.

Kupezeka: makina aliwonse, popanda intaneti mukangoika ma package. Ku R kuli sf ya vector ndi terra ya raster, ku Python kuli geopandas ndi rasterio.

Kusamalira: ma package amasemphana ma version, makamaka GDAL pa Windows, ndipo tsiku lathunthu likhoza kupita pa kuika kokha. Koma ntchito ikakhala yobwerezabwereza, mwachitsanzo mvula ya mwezi uliwonse pa boma lililonse, mumalemba kamodzi nkumangoyendetsa, ndipo wina akafunsa kuti nambala iyi munaipeza bwanji yankho lili mu script.

Zoopsa: simuona deta ndi maso pokhapokha mutafuna, nde CRS yolakwika kapena nodata ya -9999 (nambala yongoimira pomwe palibe deta) yolowa mu avereji imadutsa mwakachetechete nkukupatsani mvula yosatheka. Ndipo wolemba script akachoka pantchito osasiya ndemanga, otsala amangoiyang'ana.

Nde inu mutenge iti

Ngati ndinu wophunzira, kaya ku LUANAR, MUBAS, Mzuni, UNIMA kapena MUST, ikani QGIS LTR pa laputopu yanu lero ndipo pulojekiti yanu ya chaka chomaliza ikhale mmenemo kuti mukamaliza sukulu muzithabe kuitsegula. Ngati sukulu ili ndi laisensi ya ArcGIS Pro igwiritseni ntchito mokwanira mudakali konko kuti pa CV pakhale zonse ziwiri, mfundo zake ndi zimodzimodzi, buffer ndi buffer, clip ndi clip.

Ngati muli ku khonsolo kapena bungwe laling'ono ndipo ntchito yanu ndi mijigo, masukulu, ma CBCC, misewu ya kumudzi, imeneyo ndi vector yokhayokha. QGIS pa ofesi, QField kapena KoboCollect pa foni, deta mu GeoPackage, kope pa hard drive ina. Ndalama yomwe ikanapita ku laisensi igule SSD, power bank ndi mafuta opitira kumudzi. Kumbukirani kuti GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo, pa mjigo zilibe kanthu koma pa malire a puloti ayi.

Ngati mukungofuna kuona malo, kuyeza munda wanu mongoyerekeza musanagule feteleza, kapena kuonetsa komiti ya mudzi mmene mitengo yathera m'mbali mwa mtsinje, Google Earth Pro yakwana, musadzivutitse ndi zina. Mukadzafuna zambiri KML yanuyo QGIS idzaitsegula.

Ngati funso lanu ndi la dera lalikulu kapena zaka zambiri, nkhalango, chilala, madzi osefukira m'chigwa cha Shire, werengerani mu Earth Engine, tulutsani GeoTIFF yaing'ono ya zotsatira, kenako mukamalizire mu QGIS komwe mungaphatikize ndi midzi, misewu ndi zipatala nkupanga mapu osindikiza. Koma ngati komwe mumakhala netiweki ndi yosadalirika ndipo dera lanu ndi boma limodzi kapena T/A imodzi, tsitsani tile imodzi kapena ziwiri za Sentinel-2 tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi, dulani dera lanu lokha nkufufuta zotsalazo, muzigwira mu QGIS popanda intaneti.

Ngati muli ndi zithunzi za drone, pikiselo yake ndi ya masentimita ochepa ndipo fayilo ya mudzi umodzi imatha kulemera ma GB angapo, nde musanaitsegule mu QGIS kapena ArcGIS Pro ipangireni ma pyramid (timakope topepuka ta chithunzicho), apo ayi zoom iliyonse muzidikira.

Ngati muli m'bungwe lalikulu, la madzi, la magetsi, la migodi, komwe anthu ambiri amakonza deta imodzi nthawi imodzi, komwe kuli bajeti yokhazikika ya chaka ndi chaka ndipo omwe mumagwira nawo ntchito amatumiza ma geodatabase, ArcGIS Pro ndalama yake imaoneka ntchito. Musanasaine funsani kuti Spatial Analyst ilimo kapena ayi, laisensi ndi ya anthu angati, ndipo chaka chamawa alipira ndani.

Ndipo ngati mwapeza kuti mwezi uliwonse mukudina mabatani omwewo pa mafayilo atsopano, yambani ndi Model Designer ya mu QGIS momwemo, ikayamba kukuchepera ndiye nthawi ya R kapena Python yakwana, R ngati kuofesi kwanu kuli kale anthu a statistics, Python ngati mukufuna kudzailumikiza ndi Earth Engine.